Mbusa Amwa Kuti?

Munthu wocokera ku Lusaka pa mseu waukuru wa kum'mawa, akaoloka mlatho wa pa Luangwa ndi kukwera zitunda za ku Kacholola, walowa m'dziko la Ansenga. Ayamba kufika pa Nyimba, pamene amai agulitsa nthoci m'mphepete mwa mseu, ndipo akapitirira apeza mphambano yopatukira ku boma la Petauke. Dzikoli liri ndi mafumu ace, Kalindawalo ndi anzace monga Ndake, Nyalugwe, Luembe, Mwape, Sandwe ndi Nyamphande. Liri ndi minda ya cimanga, mtedza ndi thonje. Lirinso ndi nyumba zopemphereramo zosawerengeka, zina za njerwa ndi malata, zina za mitengo ndi udzu, ndipo m'nyumba iri yonse muli munthu amene aimirira kutsogolo tsiku la Mulungu kuti agawire anzace Mau. Za munthu ameneyu anthu afunsa zambiri: ngati alalikira bwino, ngati asunga bwino ndalama za copereka, ngati afulumira kufika pa maliro. Koma pali funso limodzi limene safunsa kawirikawiri, ndilo lakuti, iye amene amwetsa anzace sabata ndi sabata, mwini wace amwa kuti?

Anthu a ku cigwa adziwa bwino za madzi. Mwezi wa October ukafika, mitsinje yambiri yotsikira ku Luangwa iphwa, nutsala mcenga wokhawokha. Pamenepo akazi afukula tizitsime mumcenga momwemo, natunga ndi cikho pang'onopang'ono. Kacitsime kotere sikakumbidwa kamodzi kokha ai. Mcenga ugumukiramo, masamba agweramo, mbuzi zipondamo, ndipo madziwo amka natsika tsiku ndi tsiku, kotero kuti wofuna kumwa mawa ayenera kufukulanso lero. Moyo wa mtsogoleri wa mpingo ufanana ndi kacitsime kameneka koposa ndi citsime ca simenti cokumba a Boma, ndipo mbiri ya Cikristu m'dziko la Petauke ndi Nyimba icitira umboni mau amenewa.

Mishoni ya Dutch Reformed Church, yocokera ku Orange Free State, inayamba nchito pa Magwero, pafupi ndi Fort Jameson amene lero ndi Chipata, m'caka ca 1899. Kucokera kumeneko inatambalala kunka kumadzulo: pa Madzimoyo mu 1903, pa Nyanje mu 1905, pa Hofmeyr ku dera la Nyimba mu 1914, ndipo pambuyo pace pa Merwe pafupi ndi Petauke. Ansembe Acikatolika a White Fathers anamanga pa Minga m'zaka za m'ma 1920, ndipo a U.M.C.A. anali atakhazikika kale pa Msoro, kumpoto ca kum'mawa, pakati pa Akunda ndi Ansenga. Maina a malo awa, ndi a Azungu amene anawamanga, analembedwa m'mabuku. Koma Azungu pa mishoni anali owerengeka, pamene midzi inali mazanamazana. Amene anafikitsa Mau pa bwalo la mudzi ndi pa khonde la nkhalamba anali aphunzitsi a masukulu a m'midzi, alaliki ndi akuru a mpingo, anthu a maphunziro ocepa ndi malipiro ocepa, amene ambiri a iwo maina ao anaiwalika. Ndiwo anasenza mpingo nthawi yaitali, pakuti zinapita zaka 30 kucokera pa ciyambi ca Magwero kufikira 1929, caka cimene Justo Mwale anadzozedwa kukhala mbusa woyamba wa eni dziko mu mpingo wa Dutch.

Mwa atsogoleri oyambawo alipo mmodzi amene mbiri yace inasungika bwino, ndiye Leonard Kamungu. Iye anali Mcewa wa ku Chia, pafupi ndi Nkhotakota, naphunzira pa Kiungani ku cisumbu ca Zanzibar. Anakhala dikoni mu 1902 ndi wansembe mu 1909. Pamene Bishopu John Hine anapatsidwa dera latsopano la Northern Rhodesia mu 1910, anasowa anchito, ndipo Kamungu anasiya nyanja ya kwao ndi abale ace, nafika pa Msoro mu 1911. Anayendayenda m'midzi ya ku cigwa cotentha cija, natsegula masukulu, naphunzitsa ofuna ubatizo, ndipo mu 1913, zitangotha zaka ziwiri, anamwalira asanafike zaka 40. Mbiri inamveka yakuti anadyetsedwa mankhwala akupha. Makalata ace, amene anasindikizidwa ku England iye atamwalira, aonetsa munthu wokonda kupemphera, ndipo palibe anganene kuti citsime ca munthu ameneyu cinauma. Cimene cinatha ndi thupi. Anali kutali ndi ansembe anzace, ndipo nchito inali yoti anthu asanu agawane. Anthu a ku Msoro amkumbukira kufikira lero, ndipo ayenera kutero. Koma wowerenga mbiri yace sangalephere kudandaula kuti munthu wotere anangokhala pakati pa Akunda ndi Ansenga dzinja kawiri.

Imfa ya mtundu wa Kamungu siicuruka. Imene icuruka ndi ina, yopanda maliro, imene munthu afa nayo ali ciimirire pa gome lolalikira. Nkhani ya mlaliki mmodzi wa ku dera la Hofmeyr, m'zaka za m'ma 1950, ikwanira kuonetsa za ambiri, ndipo dzina lace ndi la mudzi wace zisiyidwe.

Munthuyu anayamba nchito ali mnyamata wa moto. Anaikidwa pa mudzi wa eni, kutali ndi kwao, namanga sukulu ya mitengo ndi dothi ndi manja ace. M'mawa ankaphunzitsa ana kuwerenga ndi masamu. Madzulo a Lacitatu ankaphunzitsa a m'kalasi Katekisma. Lamulungu ankalalikira pa mudzi pomwepo, napalasa njinga kukalalikiranso kwina dzuwa litapendeka. Maliro akagwa, mthenga ankamgogodera usiku. Mkazi akalandira kalata yocokera ku Salisbury, ku Wankie kapena ku Migodi, ankadza nayo kwa iye kuti amwerengere ndi kumlembera yankho, pakuti masiku amenewo amuna ambiri Acinsenga anali kunja kofuna ndalama za msonkho ndi za nsaru, ndipo ena anasanduka machona. Motero mpingo wace unali wa akazi, ana ndi nkhalamba. Abusa ankafika kawiri kapena katatu pa caka kudzabatiza ndi kudyetsa Mgonero, naona mabuku, nabwerera ku mishoni.

Zitapita zaka 15, munthuyu anali atauma, ndipo palibe anadziwa. Sanamwe mowa, sanakwatire mitala, sanadye copereka. Akadacita cimodzi ca izi akuru akadamuitana, ndipo kapena akadathandizidwa msanga. Cimene cinacitika ncakuti maulaliki ace anatsala asanu kapena asanu ndi umodzi, omangobwerezabwereza, kotero kuti ana a sukulu ankadziwiratu pamene adzakweza mau ndi pamene adzamenya gome. Buku Lopatulika, limene kumasulira kwace m'Cinyanja kunatha mu 1922, ankalitsegula pokha pofuna mutu wa ulaliki, monga wa m'sitolo atsegula thumba la mcere kuti ayesere ogula. Mapemphero ace onse anali a pagulu. La yekha analibe, pakuti pofika usiku anali wotopa, ndipo m'mawa ana anali atafika kale pa khomo. Mtima wace unatsamira pa buku la maina: angati a m'kalasi, angati obatizidwa, angati oikidwa pa cilango. Kalaliki ali yense wa pa Boma adziwa kuti buku lingathe kukhala loyera, la mizere yoongoka ndi masamu olondola, pamene nchito yeniyeniyo inaima kalekale. Mlaliki uja anasanduka kalaliki, ndipo anasiyana ndi wa pa Boma pa cinthu cimodzi cokha, cakuti wa pa Boma aweruka madzulo.

M'mene ankauma ndi m'menenso ankaumira mtima. Mkazi wina, amene mwamuna wace anatha zaka zisanu ndi ziwiri ku Salisbury osatumiza ngakhale kobiri, anafulula mowa kuti anthu amlimire munda. Mlaliki anamtengera kwa akuru sabata lomwelo, ndipo mkaziyo anaikidwa pa cilango osafunsidwa kuti ana ace adya ciani. Malamulo a mpingo sanali oipa. Mowa unapasula mabanja ambiri, ndipo amene anauletsa anaona zimene unacita. Koma munthu wouma akonda lamulo koposa muyeso, cifukwa lamulo aligwiritsa nchito ngakhale mtima uli m'tulo. Ndipo panalibe womuuza. Anthu a pa mudzi ankamuopa, pakuti zinsinsi za makalata ao zinali m'mutu mwace. Akuru a mpingo ankamlemekeza monga wophunzira. Abusa ankaona mabuku abwino, nayamika.

Pa mudzipo panali nkhalamba ina yaikazi, mmodzi wa oyamba kubatizidwa kumeneko, yosadziwa kuwerenga, ndipo maso ace anali atayamba kucita mdima. Itasowa ku mapemphero masabata angapo, mlaliki anapita kwao ndi buku la maina m'khwapa, naipeza ikusenda mtedza pa mphasa.

"Ambuya," anatero, "masabata anai tsopano dzina lanu liribe cizindikiro. Kodi mwabwerera m'mbuyo?"

"Miyendo ndiyo yabwerera m'mbuyo, Aphunzitsi," inayankha nkhalambayo pa Cinsenga. "Khalani pansi apa." Atakhala, inapitiriza kusenda kanthawi, niti, "Ndifunseko kanthu, musakwiye, pakuti ndinu msinkhu wa mwana wanga. Mkazi akaphika ndiwo, ayamba walawa asanapereke kwa alendo. Nanga zimene mutipakulira Lamulungu zija, kodi inu mumalawako?"

Mlaliki anakwiya ndithu. Ananyamuka osatsazika, ndipo masabata atatu sanapondeko. Koma nkhalamba ziribe manyazi a anyamata. Inatuma mdzukulu wace kukanena kuti, popeza siingathe kufika ku mapemphero, Aphunzitsi adze aiwerengere Buku. Kulalikira ai, kuwerenga cabe. Pempho lotere mlaliki sangalikane, ndipo anapita ndi nkhope yolimba, akuganiza zowerenga mutu umodzi ndi kubwerera.

Mutu umodziwo sanaumalize, pakuti Buku linali la Cinyanja, ndipo nkhalambayo inkamuimitsa pa liu liri lonse lobvuta. "Cisomo nciani? Nenani pa Cinsenga, monga munena ndi amai a kunyumba kwanu pa mphasa." Mlaliki anatsegula pakamwa nabwereza yankho la m'Katekisma. Nkhalamba inati yankho limenelo inaliloweza iye asanabadwe, ndipo cimene ifuna ndi tanthauzo. Pamenepo munthu uja anazindikira kuti mau monga cisomo, ciombolo ndi ciyero anawagwira zaka 15 monga munthu agwira makobiri, kulandira ndi kupereka osayang'ana cimene cinalembedwapo. Usiku umenewo anayatsa koloboyi, natsegula Buku, osati kufuna mutu wa ulaliki, koma kuopa kucititsidwanso manyazi ndi munthu wosadziwa A. Ciyambi cace cinali cotero, cosakongola konse. Koma mcenga unayamba kufukulidwa.

Anapitiriza kupita kawiri pa sabata. Tsiku lina anawerenga za mneneri Eliya, m'buku loyamba la Mafumu mutu 19, m'mene anathawira ku cipululu atatopa, nagona pansi pa mtengo, napempha imfa. Nkhalamba itamva kuti mthenga wa Mulungu anamsiya agone, namdzutsa kawiri kuti adye mkate ndi kumwa madzi, asanauzidwe kanthu kena kali konse, inaseka mpaka kutsokomola. "Mwamva, Aphunzitsi? Sanayambe ndi kumfunsa buku la maina." Mlaliki anawerenga mpaka kumapeto kwa mutuwo, napeza kuti mneneri amene ankadziyesa wotsala yekha anauzidwa kuti alipo ena zikwi zisanu ndi ziwiri, natumidwanso kukadzoza Elisa womlowa m'malo. Nkhani imeneyi anali atailalikirapo kambiri, koma nthawi zonse ankaimira pa moto wa pa phiri la Karimeli, m'mutu wapitawo.

Zimene zinatsata zinadza pang'onopang'ono, ndipo sizinali zodabwitsa. Kalasi la Lacitatu analipereka kwa mkuru wina wa mpingo, ngakhale mkuruyo ankawerenga modukizaduka. Maliro a midzi yakutali anagawana ndi akuru ena, monga Yetero analangizira Mose m'buku la Eksodo, ndi monga makolo ananenera kuti mutu umodzi susenza denga. Anapangana ndi mlaliki mnzace wa dera loyandikana kuti azikomana kamodzi pa mwezi pakati pa njira, pansi pa mtengo wa mbuyu, popanda mabuku a maina, kuti auzane zobvuta ndi kupemphererana. Cobvuta koposa zonse cinali kupita kwa mkazi wa mowa uja. Cilango sakanatha kucicotsa yekha, pakuti cinali ca akuru onse. Koma anakhala pansi namva nkhani yace yonse, namlankhulira pa msonkhano wa akuru, ndipo amai a Cigwirizano anamlimira munda caka cimeneco popanda mowa.

Munthu asaganize kuti nyumba yopemphereramo inadzala cifukwa ca ici. Ciwerengero ca m'buku sicinakwere, ndipo maulaliki ace anafupika, nacepa mfuu, kotero kuti ena anati Aphunzitsi ayamba kukalamba. Kutsitsimuka kwa mtsogoleri sikufulumira kuoneka m'mabuku a ku mishoni. Kunaoneka pa ici, cakuti anthu amene kale ankamdzera ndi makalata okha anayamba kumdzera ndi zimene sizilembedwa m'kalata. Ndiponso si alaliki onse anakomana ndi nkhalamba yotere. Ena atauma anasiya nchito napita ku Migodi. Ena anagwa m'zoipa nacotsedwa. Ndipo ena, kapena ndiwo ambiri, anakhala ciumire mpaka ukalamba, naikidwa m'manda ndi ulemu wonse.

Nthawi ya alaliki otere inapita. Mpingo wa Dutch unakhala ndi Sinodi yaceyace mu 1943. Dziko linalandira ufulu pa 24 October 1964, ndipo mu April 1966, ku Katete, mishoni inapereka ulamuliro ndi cuma ca mpingo m'manja mwa eni dziko, cinthu cimene akristu acichula Umwini. Mu 1968 mpingowo unatenga dzina lakuti Reformed Church in Zambia. Cimwemwe ca masiku amenewo cinali coyenera, pakuti sikunali kwabwino kuti mpingo wa zaka 67 uzigwiridwabe dzanja ngati mwana. Koma walira mvula walira matope. Pamodzi ndi ulemu, abusa analandira nyumba za mishoni zofuna kukonza, zipatala monga ca pa Nyanje, misonkhano yosatha ndi mabuku a ndalama. Masukulu a m'midzi anapita pang'onopang'ono m'manja mwa Boma, ndipo mphunzitsi uja amene anali mlaliki yemwe anasowa. Katundu wace anagwera akuru a mpingo osalipidwa, ndi mbusa mmodzi woyang'anira nyumba zopemphereramo zambiri zotalikirana. Sukulu ya ubusa ya ku Lusaka, imene iri ndi dzina la Justo Mwale ndipo tsopano ndi yunivesite, yaturutsa abusa odziwa Cihebri ndi Cigriki, ndipo ici ncabwino kwambiri. Koma pepala la Umwini linatha kusamutsa nyumba ndi minda yokha, ndipo setifiketi ya ku sukulu ikumbidwa kamodzi. Mbusa wa njinga ya moto angathe kuuma monga anaumira mlaliki wa njinga yopalasa, ndipo womuuza asowa koposa, pakuti ndani pa mudzi angafunse munthu wa kolala ngati amalawako?

Ludzu likakhala nthawi yaitali osalisamala, lituruka pena. M'zaka za m'ma 1990 mipingo ya Cipentekoste inakula kwambiri m'matauni, makamaka Pulezidenti Frederick Chiluba atalengeza mu December 1991 kuti Zambia ndi dziko la Cikristu. Anyamata ndi atsikana a mpingo wa Reformed, ndi abusa ena omwe, anafuna mapemphero a usiku wonse, kusala kudya, kupemphera onse pamodzi mokweza, ndi kusanjika manja pa odwala. Akuru anagwira buku la Zolamulira nati ici ndi cisokonezo. Mkanganowo unakula kufikira 2001, pamene abusa ena ndi akristu ao anacoka, nayamba mpingo wa Bible Gospel Church in Africa. Mlandu uwu suli wapafupi kuuweruza. Acinyamata ananena zoona pakuti mapemphero ambiri anali atasanduka mwambo, ndipo munthu wa ludzu samuyankha ndi kumwerengera malamulo. Akuru nawonso ananena zoona pakuti phokoso si moyo. Mtsogoleri angathe kupfuula usiku wonse ali wouma, ndipo pamene palibe dongosolo munthu mmodzi wa pakamwa potentha asanduka mfumu yosafunsidwa za ndalama kapena za khalidwe. Cacisoni ncakuti mbali ziwirizi zinafunana monga mcenga ndi madzi a m'citsime cimodzi, koma zinapatukana zisanamvane. Lero m'mapemphero ambiri a mpingo wa Reformed mumveka zoimbira ndi mapemphero amene akuru akale sakadawalola.

Nkhani imeneyi ikhudza inu amene mwatsiriza sukulu koposa m'mene muganizira. Mnyamata kapena mtsikana akabwerera ku mudzi ndi setifiketi, mpingo sucedwa kumuona. Caka coyamba amsankha mlembi wa acinyamata, caciwiri msungicuma, ndipo asanamere ndebvu zokwanira amuika pa ndandanda ya olalikira, cifukwa awerenga bwino ndipo adziwa kulemba maminitsi. Palibe coipa pamenepo, ndipo wokana nchito yotere cifukwa ca ulesi asadzitamande kuti ndi wodzicepetsa. Koma maphunziro amene amkweza msangawo ndiwo amene amcotsera omuuza zoona. Nkhalamba zimcha Aphunzitsi, anzace a msinkhu wace ayamba kubisa nkhani zao akafika, ndipo iye aphunzira kulankhula za Mulungu mosalala asanaphunzire kukhala cete pamaso pace. Wotereyu acita bwino kudzifunira yekha munthu mmodzi wosamuopa, wamkuru kwa iye, ndi kumpatsa ufulu wa kumfunsa mafunso owawa. Acita bwinonso kukhala ndi ola limene awerenga Buku popanda wina womdikira kuti amlalikire, ndi kukana nchito yacitatu pamene ziwiri zamkwana. Akuru a mpingo nawo, amene adziwa kuwerenga matumba a cimanga opereka kwa abusa, sangalakwe atafunsa nthawi zina ngati abusawo anagona tulo sabata limenelo.

Funso lija la nkhalamba, lakuti cisomo nciani pa Cinsenga, linakhala zaka zambiri likudikira yankho lolembedwa. A ku Msoro anamasulira Cipangano Catsopano m'Cinsenga m'zaka za m'ma 1920, koma mipingo yambiri ya ku Petauke ndi Nyimba inapitiriza kuwerenga Cinyanja, mlaliki namasulira ndi pakamwa monga anathera. Mu 2016, ku Petauke, kunaperekedwa Cipangano Catsopano comasulira mwatsopano m'Cinsenga, nchito ya Bible Society of Zambia pamodzi ndi akristu a mipingo yosiyanasiyana. Omasulirawo anayenera kukhala pa liu liri lonse lobvuta kufikira atapeza m'mene Mnsenga alinenera pa khomo pace, nchito yomwe ija imene mlaliki wa ku dera la Hofmeyr anaiyamba pa kuunika kwa koloboyi. Mlaliki wa ku Nyimba akaimirira lero ndi buku limenelo, nkhalamba za pa mphasa ya kumbuyo zimva zonse zimene awerenga, ndipo zikaona kuti ulaliki wace wasiyana ndi zimene wawerengazo, zimdikira pa khomo poturuka.